Akuti Kaseti Waba

9 Januwale

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi amayi? Msana uja wasiya kuwawa? Ine ndinafika bwino. Azakhali anandichingamira pa depoti, ndipo andipatsa kachipinda kamene amasungiramo zidebe ndi mopu. Muli bedi, katebulo ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ya aneba. Ndikulemba kalata monga munanenera, poti foni mumati imakudyerani mawu. A dalaivala a basi ya m'mawa avomera kuti azititengera makalata.

Bambo, kuno zinthu sizili monga tinkaganizira. Koleji sindinalowe kwenikweni. Tonse ochokera ku sekondale ayamba atiika m'kalasi yokonzekera ya miyezi itatu, akuti tiphunzire kuwerenga ndi kulemba. Ine ndinaseka chamumtima. Kuwerenga ndi kulemba, ine? Koma si zoseka: wokhoza kalasi imeneyi ndiye alowe chaka choyamba mu Epulo, wolephera anyamule chikwama chake abwerere kwa makolo ake.

Musade nkhawa, mwana wanu mukumudziwa. Paja dzina la Kaseti aphunzitsi a ku sekondale sanandipatse pachabe. Atipatsa masamba makumi anayi kuti tiwerenge pa sabata imodzi, ine ndaloweza kale khumi ndi awiri osadumpha ngakhale liwu limodzi. Anzanga akungolembalemba m'mphepete mwa masamba ndi bolopeni, zinthu zimene kusukulu kwathu munthu akanakwapulidwa nazo.

Ondisokoneza ndi amayi otiphunzitsa kulemba. Ndi munthu wabwino, koma mafunso awo ndi okhota. Dzulo anandifunsa kuti ndikuganiza bwanji za mutu woyamba. Ndinaimirira n'kunena ndime yonse osaphonya. M'malo mondiyamikira anati zimenezo n'zimene wolemba akuganiza, nanga ine? Ndinawayankha kuti inenso ndikuganiza zomwezo, poti wolembayo ndi pulofesa. Kalasi yonse inaseka, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti chinaseketsa n'chiyani.

Mundiuze za kushopu, ngati makina osokera aja asiya kudula ulusi.

Ndine mwana wanu,
Kaseti

27 Januwale

Bambo,

Moni nonse. Ndikulemba ndili chiimirire pa depoti, basi yayamba kale kulira. Zandivuta. Ntchito yoyamba imene tinalemba andibwezera yopanda malikisi, n'kundiitanira ku ofesi. Akuti ndaba. Akuti ndikadzachitanso andichotsa, ndatsala ndi mwayi umodzi wokha. Bambo, ine ndinangotenga zimene zinali m'buku, ngati mmene ndakhala ndikuchitira kuyambira Sitandade 1, ndipo palibe anandiletsapo. Ndalira mpaka mutu ukuwawa. Ndifotokoza bwino mawa.

Kaseti

30 Januwale

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno kulibe mtendere. Kalata ya Kaseti yatisokoneza. Mayi ake chilowereni m'chipinda sanatuluke, ine lero ndasoka thumba la thalauza mozondoka kawiri konse.

Kodi iwe ukugona naye nyumba imodzi, sukudziwa kuti mwana wanga waba? Kapena ukudziwa koma wandibisira? Akuti anatenga zimene zinali m'buku. M'bukumo munali chiyani? Anthu amaika zambiri m'mabuku, zithunzi, ziphaso, makalata a eni ake. Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti akuti wakhala akuchita zimenezi kuyambira Sitandade 1. Zaka khumi ndi ziwiri tikudya mbale imodzi ndi wakuba, ife osadziwa! M'shopu muno anthu amasiya mathalauza muli zinthu m'matumba, ndipo mwanayu wakula akundiona ndikubweza ngakhale batani. Ndiye khalidwe limeneli walitola kuti?

Anati afotokoza mawa. Mawa lakelo ladutsa, mkuja wadutsa, dalaivala akungondikupizira dzanja kuti palibe kanthu.

Chita izi. Usamukalipire, ungofufuza m'chikwama mwake iye atachokapo. Ukachipeza chinthucho upite nacho ku koleji pamodzi ndi kalata ina ndaika munoyi, ukapereke m'manja mwa aphunzitsiwo. Ndalembamo kuti ine ndine telala wosauka koma wosaba, kuti chilichonse chimene chasowa ndibweza, ndipo ngati n'chosabwezeka ndiwasokera suti mwaulere, iwo ndi amuna awo omwe. Uvale bwino, usapite ndi yunifomu ya kuntchito.

Mlongo wako

6 Febuluwale

Achimwene,

Moni, ndipo alamu anga muwauze atuluke m'chipindamo, palibe wamwalira. Koma inu mwandichititsa manyazi amene sindinawaonepo chibadwire.

Chikwama ndinafufuza. Muli zovala, sopo ndi mabuku oyera ngati sanagwidwepo. Buku lililonse ndinalizondotsa n'kuligwedeza, munangogwa tikiti ya basi. Ndinapitabe ku koleji, nditanama kuntchito kuti ndikupita kuchipatala. Makonde ake ndi aatali, zitseko zofanana zonse, pansi popukutidwa mwaulesi, akanandipatsa mopu ndikanawaonetsa. Ofesi ya aphunzitsiwo ndi kachipinda kodzaza mapepala mpaka pampando wa alendo, ndinachita kuwasuntha kuti ndikhale.

Kalata yanu anaiwerenga kawiri. Pa suti paja anagwira pakamwa, ndinaona kuti akubisa kuseka, koma pomaliza maso awo anali atafiira. Ndiye anandifotokozera kuti chimene mwana waba ndi mawu. Ndinafunsa kuti mawu a ndani. Anati a wolemba buku. Ndinafunsa ngati m'bukumo mawuwo asowamo. Anati ayi, alimo onse. Ndinafunsa ngati mwini wakeyo wadandaula. Anati mwini wake anamwalira kalekale, kutsidya kwa nyanja. Achimwene, munthu ndi wakufa, katundu wake ali pomwe anamusiya, koma mwana wathu ndi wakuba.

Iwo akuti ku koleji ukatenga mawu a munthu uyenera kunena kuti awa ndi a uje, kenako iwe unene ako. Mwanayu anakhuthula masamba atatu kuchokera m'mutu, osalakwitsa ngakhale pamodzi, n'kulemba dzina lake pamwamba. Akuti sakumuganizira zoipa, ana otere amawaona chaka chilichonse, makamaka amene ankakhala nambala wani. Koma lamulo ndi lamulo, ntchito yachiwiri ikakhalanso ya mwini, za Epulo aiwale.

Ndinawauza kuti kuntchito kwathu amene amanena maganizo ake ndi amene amachotsedwa. Anati akudziwa. Potuluka anandifunsa ngati bambo akewo ali telala ndithu, n'kulemba kanthu pa kapepala. Kaya ndi za suti ija, kaya.

Mwanayo atamva kuti ndinamufufuza m'chikwama sanandilankhule masiku awiri. Mumulembere nokha, ine ndatopa.

Mlongo wanu

11 Febuluwale

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Amayi ako atuluka, akupereka moni. Kalata yako yofotokoza ija yafika dzulo pamodzi ndi ya azakhali ako. Inagona masabata awiri m'thumba la jekete ya dalaivala, mpaka inanyowa m'mphepete. Ndinakuganizira zoipa, mwana wanga. Pepa. Mawu amenewa sindinamuuzepo mwana, ndiye uwasunge.

Koma kumvetsa sindinamvetsebe. Ine munthu akabwera ndi diresi n'kunena kuti ndisokereni ngati iyi, ndikasoka yofanana ndendende amandiyamika ndipo amabweretsa anzake. Ndikaikapo maganizo anga, kolala apa, thumba apo, amandiponyera kumaso. Iwe wasoka yofanana ndendende, akuti waba. Nanga aphunzitsi aja ankakupatsa mphoto pamaso pa sukulu yonse chifukwa cha chinthu chomwechi, ndiye kuti anali akuluakulu a mbava? Ndinakumana ndi a hedimasitala pamsika, ndinawafunsa. Anangoti mayeso a Fomu 4 ndi ena, koleji ndi ina, n'kuyamba kusankha tomato.

Langizo langa ndi ili. Ngati akufuna mawu ako, tenga a pulofesayo uwasinthe pang'ono, ngati mmene timachitira ndi malaya aakulu: pinda uku, bweza uko, thupi likhale lomwelo. Ndipo usatsutsane ndi aphunzitsi. Mwana wotsutsa akulu safika patali.

Za kushopu usafunse. Kaunjika watipha. Anthu sasoketsanso, angogula zovala zakale pamsika basi. Ndisiyire pomwepa, pali mulu wa mathalauza khumi ndi anayi oti ndidule miyendo lisanafike Loweruka.

Bambo ako

22 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji ndi amayi? Kupepesa kwanu ndalandira ndipo ndasunga.

Za kupinda ndi kubweza ndinayesa. Ndinasintha mawu amodziamodzi n'kukawaonetsa aphunzitsi ndisanapereke. Anati kumenekonso ndi kuba, kungoti wakubayo wasintha malaya.

Kenako anatulutsa kapepala kamene iwo analemba tsiku lija azakhali anapita ku ofesi kwawo. Sizinali za suti. Anandipezera nkhani ya masamba asanu ndi atatu ya pulofesa wina, yonena kuti zovala za kaunjika zapha ntchito ya matelala. Anandiletsa kuloweza. Anati ndiwerenge bolopeni ili m'manja, ndipo paliponse pamene mtima wanga wakana ndiikepo chizindikiro. Ndinawauza kuti mtima wanga sukana za pulofesa. Anati ndiye ndiyerekeze kuti pulofesayo wabwera kushopu kwathu, wakhala pa benchi, ndimuonetse zimene sanaone.

Ndinawerenga kawiri osaika chizindikiro ngakhale chimodzi, poti akunena zomwe inu mumanena tsiku lililonse. Ulendo wachitatu kalata yanu inali patebulo, ndipo maso anga anagwera pa mathalauza khumi ndi anayi aja. Bambo, mathalauza amenewo ndi a kaunjika. Kuyambira ndili wamng'ono chingwe cha m'shopu chimadzaza ndi zovala za pamsika zodikira kudulidwa, kubwezedwa m'chiuno, kusinthidwa zipi. Ine ndakula ndikumasula misoko ya zovala zimenezo. Pulofesayo anawerenga matelala osoka zatsopano okha. Ndinalemba "ayi" m'mphepete mwa tsamba lachitatu, ndipo ndinamva ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ndalemba masamba anayi onena kuti kaunjika sanaphe matelala, anangowasinthira ntchito. Aphunzitsi awerenga, akuti tsopano akumva mawu anga. Ine ndinkati nkhani yatha, koma ayi. Akuti yapendekera mbali imodzi, ndipo mmene ililimu siingakhoze. Ndipeze munthu wodziwa ntchitoyi amene angandigwetse, ndilembe mfundo yake yamphamvu kwambiri, kenako ndiyankhe. Poyamba anati ndisalembe za ena, ndilembe zanga. Ndalemba zanga, akuti za ena zili kuti. Mutu wanga wazungulira, Bambo.

Munthu wodziwa ntchitoyi ine ndikudziwa mmodzi yekha. Nkhani yangayo ndaimasulira m'chilankhulo chathu ndipo ndaiika muno. Ndikudziwa munati ndisatsutse akulu, ndipo ine ndatsutsa awiri nthawi imodzi, pulofesa ndi inu. Koma chonde nditsutseni. Tsiku lomaliza kupereka ndi 14 Malichi.

Mwana wanu,
Kaseti

5 Malichi

Achimwene,

Moni. Kodi mwamwalira? Ngati mwamwalira tiuzeni tibwere.

Mwanayu m'mawa uliwonse ali pa depoti, dalaivala wafika pomuvulira jekete kuti adzifufuzire yekha m'matumba. Sakudya, akungokhala pa katebulo kaja n'kumayang'ana khoma. Dzulo anandipempha ine kuti ndimutsutse. Ndinayesa, ndinamuuza kuti walemba zopusa. Anati ndipereke chifukwa. Chifukwa ndikachitenga kuti ine? Ine ndimadziwa mopu.

Akuti mwakwiya, ndipo akufuna kung'amba nkhaniyo alembe yogwirizana ndi pulofesa kuti mwina mumukhululukire. Akachita zimenezo abwerera kwanu ndi chikwama chake, ndiye mudzakhale naye m'shopumo muzigwirizana bwinobwino. Za ku koleji ine sindizimva, poyamba kuba popanda chosowa, pano kupempha mkangano ngati akupempha mchere. Koma kuwerenga masiku kokha ndimatha, ndipo atsala asanu ndi anayi.

Mlongo wanu

9 Malichi

Mwana wanga,

Usang'ambe kanthu. Amayi ako akupereka moni, wanga ubwera kumapeto ngati malo atsale.

Inde ndinakwiya. Nkhani yako ndinaiwerenga n'kuiponya m'dengu la zidutswa za nsalu, inagona momwemo sabata yathunthu. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira singano, lero akuuza anthu a ku koleji kuti bambo ake amalira maliro a munthu wamoyo. Kenako ndinaitola kuti ndipeze bodza lako, ndinaifufuza ngati mmene ndimafufuzira msoko wa telala mnzanga. Bodza mulibe. Chingwe chadzazadi ndi kaunjika, ndipo chakudya cha m'nyumba muno chimachokera pomwepo. Apo wandigwira.

Koma sunaone zonse, ndipo pulofesa wakoyo sanaonenso. Tamva.

Kudula miyendo ya thalauza si utelala. Zimenezo ngakhale azakhali ako angaphunzire pa masiku atatu. Utelala ndi kuyang'ana munthu, mapewa ake, mmene amaimira, n'kutenga nsalu yosadulidwa, choko ndi sizasi, kutulutsamo jekete imene kunalibe. Ine ndinaphunzira zimenezo zaka zisanu ndi chimodzi, abwana anga akundimenya ndi rula pa zala. Lachiwiri lapitali, ndi mkwiyo wa nkhani yakoyi, ndinatsitsa nsalu yakuda imene yakhala pa shelefu zaka zambiri, ndinati ndidule jekete ndidzionetse ndekha kuti ndine ndani. Ndinayala patebulo, ndinagwira choko. Mwana wanga, ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linachoka pakhomo. Ndinaiwala kuti mkono umalowa bwanji paphewa. Nditawerenga zaka ndinapeza kuti jekete yomaliza ndinadula iwe uli Sitandade 8. Ndinachita manyazi, ndinalira pang'ono. Nsaluyo ndaibwezera pa shelefu, ndipo amayi ako sindinawauze.

Ndiye ulembe kuti kaunjika sanatiphe ndi njala, apo wanena zoona. Watidyetsa, koma watilanda manja. Ndipo palibe akubwera kudzaphunzira kudula, chifukwa palibe choti aonerepo. Ife tikatha, odula miyendo adzakhalapo, osoka jekete sadzakhalapo. Mfundo yanga ndi imeneyo. Uyankhe ngati ungathe, ine yankho lake sindikulidziwa.

Sindikuimvetsabe sukulu yotuma mwana kukakangana ndi bambo ake. Mawu awa ndakupatsa ndekha, koma ulembebe kuti ndi anga, poti anthu akowo sachedwa kuitanira munthu ku ofesi.

Kalatayi ndikaiika ndekha m'thumba la malaya a dalaivala n'kumanga ndi phini. Malo atsala. Moni.

Bambo ako

28 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndalowa. Dzina langa lili pa bolodi, ndiyamba chaka choyamba pa 7 Epulo. Andipatsa 58. Musakomoke, kuno akuti ndi malikisi abwino. Ine amene ndinkalira ndikapeza 89 ndavina nawo mpaka azakhali anandithamangitsa pabalaza.

Mfundo yanu ndinalephera kuiyankha. Ndinayesa masiku atatu, kenako ndinangolemba zoona, kuti apa telalayu wandigonjetsa ndipo ndasintha theka la maganizo anga. Ndinapereka ndikudziwa kuti ndalephera, poti ndavomera ndekha kuti ndagonja. Pamenepo ndi pamene aphunzitsi analemba kuti "zabwino kwambiri". Musandifunse, inenso sindikumvetsa.

Kumapeto kwa nkhani timalemba mayina a anthu amene tatengako mawu. Kwanga alipo awiri, pulofesa ndi inu, ndipo lanu lili pamwamba chifukwa chilembo choyamba cha dzina lanu ndicho chimayambirira pa alifabeti.

Za nsalu yakuda ija sindinalembe, ndipo amayi sindiwauza. Koma kumapeto kwa Epulo ife a chaka choyamba adzatijambula chithunzi cha pa chiphaso, ndipo ine ndilibe jekete. Azakhali anati tikagule pamsika, ndakana. Andiyeza ndi tepi ya aneba: mapewa 15, chifuwa 34, mkono 22, kutalika 25. Mukalakwitsa mkono mumasule muyambirenso, palibe akukuonani. Ndizidikira pa depoti.

Ndine mwana wanu